Zipangizo Zimene Zimauza Woyendetsa Ndege Liwiro, Kutalika, Malo ndi Nthawi

Ndege yonyamula anthu ikakwera kufika mamita 10,000 usiku, kapena ikalowa m'mitambo yochindikala, woyendetsa amatsala wopanda chilichonse mwa zinthu zimene munthu wa paulendo wapansi amadalira. Saona phiri, saona mtsinje, saona ngakhale pamene thambo lakumana ndi dziko. Choopsa kwambiri n'chakuti thupi lake lomwe limayamba kumunamiza. Timadzi ta m'kati mwa khutu, timene timathandiza munthu kuima osagwa, timamva kutembenuka kwadzidzidzi. Koma ndege ikamapendekeka pang'onopang'ono timangokhala bata, ndipo munthu angathe kulumbira kuti mapiko ali bwinobwino pamene ndegeyo ikuzungulira kulowera pansi. Munthu woyamba kunyamuka, kuuluka ndi kutera osaona kunja, modalira zipangizo zokha, anali Jimmy Doolittle, pa 24 Seputembala 1929, pa bwalo la Mitchel ku New York.

Nkhani za ngozi za ndege zikamalembedwa m'Chichewa kawirikawiri zimangoti "makina a ndegeyo anawonongeka". Mawuwa amabisa zambiri, pakuti zipangizozi zili m'magulu atatu: zimene zimayeza, zimene zimawerengera, ndi zimene zimaonetsa woyendetsa zotsatira zake. Chimodzi chingathe kulakwa zinazo zili bwino, ndipo wolemba amene sasiyanitsa maguluwa amaimba mlandu chipangizo chosalakwa.

Zoyeza mpweya

Munthu akatulutsa dzanja pawindo la basi amamva mphepo ikulikankha, ndipo basiyo ikathamanga kwambiri kukankhako kumakulanso. Ndege imayeza liwiro lake mwa njira yomweyi. Pafupi ndi mphuno yake pamakhala timapaipi toloza kutsogolo, totchedwa pitot potengera dzina la Henri Pitot wa ku France, amene m'chaka cha 1732 anapanga kapaipi kotere pofuna kuyeza kuthamanga kwa madzi a mtsinje wa Seine. M'mbali mwa ndege mumakhalanso tibowo tating'ono timene sitiyang'anizana ndi mphepo, ndipo timangomva kulemera kwa mpweya wozungulira ndegeyo. Kompyuta imachotsera chimene tibowoto tamva pa chimene kapaipi kamva, ndipo chotsalacho ndicho chimasandutsidwa liwiro.

Tsono liwiro limeneli si limene munthu wapansi angaganize. M'mwamba mpweya ndi wopepuka, motero umakankha kapaipi mofooka. Ndege imene ili pa mafiti 35,000 ingaonetse ma-knot pafupifupi 270 pamene ikudula mpweya pa ma-knot 450. Likachoka apo palinso liwiro limene ndege ikudutsira nthaka, limene limakula mphepo ikamachokera kumbuyo ndi kuchepa ikamachokera kutsogolo. Loyambalo ndilo limauza woyendetsa ngati mapiko akali ndi mphamvu yonyamula ndege; lomalizalo ndilo limanena nthawi yofikira. Mkonzi amene walandira nambala ya liwiro m'nkhani yochokera kunja ayenera kufufuza kuti ndi liti mwa atatuwa.

Mawu akuti knot ali ndi mbiri yake. Amalinyero akale ankaponya m'nyanja thabwa lomangidwa ku chingwe chokhala ndi mfundo, n'kumawerenga mfundo zodutsa m'manja pa nthawi yoikika. Koma kulemba m'Chichewa kuti ndege inkathamanga "mfundo 270" kungasokoneze owerenga, chifukwa mawu akuti mfundo anazolowereka kwambiri pa nkhani ya maganizo. Njira yabwino ndiyo kusintha nambalayo kukhala makilomita: knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Ndipo popeza "pa ola" ali kale m'kati mwa mawuwo, kulemba kuti "ma-knot 270 pa ola" n'kulakwa.

Kapaipi ka pitot kakatsekeka pamachitika chinthu chodabwitsa. Mpweya wotsekeredwa m'katimo susinthanso, pamene wa pa tibowo ta m'mbali ukupepuka ndege ikamakwera. Motero kusiyana kwake kumakula, ndipo chipangizo chimaonetsa liwiro likukwera ngakhale ndege ikuchedwa. Izi n'zimene zinachitikira ndege ya Boeing 757 ya kampani ya Birgenair imene inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Puerto Plata, m'dziko la Dominican Republic, pa 6 Febuluwale 1996, n'kupha anthu 189. Ndegeyo inali itaima pabwalo kwa milungu pafupifupi itatu, ndipo ofufuza anaganiza kuti mavu omanga nyumba za dothi ndiwo anatseka kapaipiko. M'chaka chomwecho, pa 2 Okutobala, ndege ina ya mtundu womwewo ya kampani ya Aeroperú inanyamuka ku Lima tibowo take ta m'mbali tili tomatidwa ndi tepi imene okonza ndegeyo anaiwala kuchotsa. Oyendetsa anapempha thandizo kwa wolondolera ndege wapansi, osadziwa kuti nambala ya kutalika imene iye ankawawerengera inkachokera ku chipangizo chawo chomwecho cholakwacho. Anthu 70 anafa. Timapaipiti timatenthetsedwa ndi magetsi kuti madzi asaundane m'kati, komabe pa 1 Juni 2009 tizidutswa ta ayezi tinatseka ta ndege ya Airbus A330 ya Air France, yochokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris. Kutsekekako kunali kwa kanthawi kochepa, koma makina odziyendetsera okha anasiya ntchito, woyendetsa anakweza mphuno ya ndege mpaka mapiko anataya mphamvu, ndipo anthu 228 anafera m'nyanja ya Atlantic.

Kutalika kosiyanasiyana

Mawu akuti kutalika amasenza katundu wambiri m'Chichewa. Msewu ndi wautali, munthu ndi wamtali, mudzi uli kutali, ndipo ndege ili patali m'mwamba. Pa nkhani ya ndege vutoli limakula chifukwa woyendetsa amagwiritsa ntchito kutalika kwa mitundu itatu.

Koyamba ndi kochokera pamwamba pa nyanja yamchere. Chipangizo chake chakale chinali ndi kachitini kopyapyala kotsekedwa, kamene kamafufuma mpweya wakunja ukapepuka, n'kusuntha muvi. Lero ntchitoyi imachitika ndi magetsi, koma lamulo lake ndi lomwelo. Vuto ndi lakuti kulemera kwa mpweya kumasintha ndi nyengo. Pafupi ndi nyanja, kusintha kwa hectopascal imodzi kumafanana ndi kukwera mamita pafupifupi 8, motero woyendetsa akalakwitsa ndi 10 poika nambala ya tsikulo, chipangizo chimamunamiza ndi mamita 80. N'chifukwa chake wolondolera ndege amamuwerengera nambalayo pa wailesi, iye n'kuibwereza. Kutalika kumeneku n'kofunika chifukwa mapiri a pa mapu amayezedwa kuchokera kunyanja komweko: nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa mamita 3,002, ndipo ndege imene yaima pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe imaonetsa mafiti oposa pang'ono 4,000 ngakhale matayala ake ali pansi.

Kwachiwiri ndi kwa paulendo. Ndege zikakwera kupitirira malire oikika, zonse zimaika nambala imodzi, 1013.25, mosaganizira nyengo. Zonse zimalakwa, koma zimalakwa mofanana, ndipo zimenezi n'zimene zimalola kuti ndege ziwiri zidutsane ina ili mafiti 1,000 okha pamwamba pa inzake.

Kwachitatu ndi kochokera pa nthaka imene ili pansi pa ndegeyo. Chipangizo cha pamimba pa ndege chimatumiza mafunde a wailesi pansi n'kulandira obwerera, monga mmene mawu amabwerera m'chigwa. Chimagwira ntchito ndege ikatsika pansi pa mafiti 2,500, ndipo ndicho chimachititsa liwu lija lowerenga mafiti potera. Pa 25 Febuluwale 2009 chipangizo chotere cha ndege ya Turkish Airlines yotera ku Amsterdam chinaonetsa mafiti 8 pansi pa nthaka ndege ikali m'mwamba. Makina anayesa kuti yafika, nachepetsa mphamvu ya injini, ndipo anthu 9 anafa. Wolemba wosamala sangalembe mawu akuti kutalika okha pa zitatuzi. Adzawonjezera kuti "kuchokera kunyanja" kapena "kuchokera panthaka".

Pali kachipangizo kenanso m'mbali mwa mphuno, kooneka ngati kaphiko, kamene kamatembenuka ndi mphepo n'kuyeza mmene phiko lapendekera poyang'anizana ndi mpweya. Dzina lake linamveka kwambiri pambuyo pa ngozi za ndege ziwiri za Boeing 737 MAX, ya Lion Air ku Indonesia pa 29 Okutobala 2018 ndi ya Ethiopian Airlines yochokera ku Addis Ababa kupita ku Nairobi pa 10 Malichi 2019, zimene zinapha anthu 346. Pulogalamu yotchedwa MCAS inkamvera kachipangizo kamodzi kokha, ndipo katalakwa inkatsitsa mphuno ya ndege mobwerezabwereza.

Nguli ndi kuwala

Mwana amene anakwapulapo nguli amadziwa kuti ikamazungulira mwamphamvu imaimirira yokha ndipo imakana kupendekeka. Chipangizo chotchedwa gyroscope, dzina limene Léon Foucault anachipatsa mu 1852, ndi nguli yoikidwa m'mphete zoilola kukhala mmene ilili ngakhale ndege itatembenukira kulikonse. Poyerekeza ndege ndi nguliyo, woyendetsa amadziwa ngati mphuno yakwera kapena phiko latsika.

Ku nguli kukawonjezedwa zoyeza kusintha kwa liwiro, pamapezeka chipangizo chodziwa malo popanda kufunsa chilichonse chakunja. Wokwera minibasi amakankhidwira kumbuyo ikamanyamuka ndi kutsogolo ikamaima. Atakhala ndi luso loyeza kukankhako ndendende, ndi wotchi yabwino, akanatha kudziwa pamene wafika ali chitsinzinire. Kompyuta ya m'ndege imachita zomwezo kambirimbiri pa sekondi iliyonse, poyeza kutsogolo, m'mbali ndi m'mwamba. Imafunika kuuzidwa poyambira pokha. Ndege ikali pabwalo, chipangizochi chimapatsidwa mphindi zingapo, nthawi zina mpaka 10, ndege isakusuntha, kuti chimve kuzungulira kwa dziko lapansi, kumene ndi madigiri 15 pa ola, n'kupeza kumpoto kwenikweni. Kufooka kwake n'kwakuti zolakwa zing'onozing'ono zimaunjikana, ndipo pakatha maola ambiri chimakhala chitaphonya ndi makilomita angapo.

Kuyambira pa ndege za Boeing 757 ndi 767, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, nguli yozungulira inalowedwa m'malo ndi kuwala. M'kati mwa galasi lolimba muli njira ya makona atatu, ndipo kuwala kwa laser kumathamanga m'njiramo mbali ziwiri zosemphana. Ndege ikatembenuka, njira ya kuwala kumodzi imatalika pang'ono, ya kwinako imafupika, ndipo kusiyanako kumayezedwa. Georges Sagnac ndiye anaonetsa zimenezi mu 1913. Dzina la gyro linatsalabe ngakhale mulibenso chozungulira, ndipo ichi ndi chenjezo kwa womasulira: kuchitcha "nguli ya m'ndege" kumathandiza m'kalasi pofotokoza chiyambi chake, koma sikulongosola chipangizo cha masiku ano.

Nthawi

Wotchi ya m'chipinda cha oyendetsa siyendera nthawi ya dziko lililonse. Ndege zonse, mabwalo onse ndi malipoti onse a nyengo amayendera nthawi imodzi yotchedwa UTC, yolembedwa ndi manambala anayi pa maola 24. Malawi ali patsogolo pa nthawiyi ndi maola awiri: ikakhala 8 koloko m'mawa ku Chileka, woyendetsa amalemba 0600. Pa wailesi amati "Zulu", koma si nthawi ya ku South Africa, dziko limene lilinso patsogolo ndi maola awiri. Zulu ndi mawu oitanira chilembo Z kuti chimveke bwino pa wailesi, monga Alfa amaitanira A. Pano mpamene olemba amapunthwa pa masiku. Ndege ya Air France ija inagwa nthawi itangopitirira 0200 UTC pa 1 Juni, pamene ku Rio de Janeiro kunali kukali usiku wa pa 31 Meyi. Masiku onse awiri ndi oona, koma nkhani iyenera kunena kuti ikutsata nthawi iti.

Wotchiyo imaonetsanso nthawi imene yapita chinyamukireni, ndiponso ili ndi batani loyezera mphindi zochepa, monga pamene ndege ikuzungulira podikira mpata wotera kapena pamene injini zili pa mphamvu yonse, imene siloledwa kupitirira mphindi zowerengeka.

Koma ntchito yaikulu ya nthawi m'ndege si imeneyi ayi. Malo enieniwo amayezedwa ndi nthawi. Chipangizo cha DME chimatumiza chizindikiro ku siteshoni yapansi, siteshoniyo imayankha, ndipo nthawi ya kupita ndi kubwera imasandutsidwa mtunda. Mtundawu ndi wa mzere wotsetsereka kuchokera kundege kufika pasiteshoni, kotero kuti ndege ikakhala pamwamba penipeni pa siteshoniyo chipangizo sichionetsa ziro koma kutalika kwa ndegeyo. VOR imanena mbali imene siteshoni ili, ndipo ILS imatsogolera ndege ku msewu woterapo pa mzere wotsika madigiri pafupifupi atatu.

GPS ndiyo inafikitsa njirayi pachimake. Masetilaiti ake, osachepera 24, amazungulira dziko pa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo iliyonse ili ndi wotchi za atomu. Setilaiti imangoulutsa pamene ili ndi nthawi imene yatumiza uthengawo. Mafunde amayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, motero kuchedwa kwa uthenga kumanena mtunda, ndipo kulakwa ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a sekondi ndiko kulakwa ndi mamita 300. Wotchi ya m'ndege si yolondola chotero. N'chifukwa chake pamafunika masetilaiti anayi: atatu opezera malo, yachinayi yowongolera wotchi. Ndiye kuti ndege ikapeza malo ake imapezanso nthawi, ndipo wotchi ya oyendetsa imatengera pomwepo. Ngakhale chiphunzitso cha Albert Einstein chili ndi gawo: wotchi za m'masetilaiti zimatsogola za pansi ndi magawo 38 mwa magawo 1,000,000 a sekondi tsiku lililonse, ndipo m'kanthawi kameneko mafunde amayenda makilomita oposa 11, motero wotchizo zimachedwetsedwa dala zisanatumizidwe m'mwamba.

GPS inapangidwa ndi asilikali a ku United States. Pa 1 Seputembala 1983 ndege ya Korean Air Lines yochokera ku Anchorage kupita ku Seoul inasochera n'kulowa m'dera la Soviet Union, kumene inaomberedwa, anthu 269 nafa. Patangotha masiku, Pulezidenti Ronald Reagan analengeza kuti GPS idzatsegulidwa kwa anthu wamba. Inakwanira mu 1995. Mafunde ake amafika pansi ali ofooka kwambiri, ndipo makamaka kuyambira 2023 oyendetsa odutsa ku Middle East, ku Black Sea ndi ku Baltic akhala akunena za mafunde abodza amene amaonetsa ndege pamalo pamene sili ndi kusokoneza wotchi. Pamenepo chipangizo chija chosafunsa zakunja, pamodzi ndi masiteshoni apansi, zimaonekanso kufunika kwake.

Zoonetsa

Ndege zakale zinali ndi mawotchi ozungulira ambirimbiri, chipangizo chilichonse ndi muvi wake, ndi munthu wachitatu woyang'anira injini. Boeing 767, imene inayamba kunyamula anthu mu 1982, inabweretsa masikirini. Airbus A320 inatsatira mu 1988, ndipo pa Boeing 747-400 ya mu 1989 nyali, mawotchi ndi mabatani zinachepa kuchoka pa 971 kufika pa 365, munthu wachitatu uja nachotsedwa. Chingerezi chimatcha chipinda chotere glass cockpit, koma "chipinda cha magalasi" chingapangitse wowerenga kuganiza za mawindo. Chionetsero nacho sichikhala bwino, pakuti chimakumbutsa za malonda a pabwalo kapena zionetsero za pamsewu. Mawu akuti sikirini, amene anafala ndi mafoni, ndiwo amamveka msanga.

Woyendetsa aliyense ali ndi masikirini awiri akuluakulu. Pa yoyamba, pakati pamakhala chithunzi cha thambo lobiriwira ngati mtambo woyera bwino ndi nthaka yofiirira, chosonyeza mmene ndege yakhalira. Kumanzere liwiro, kumanja kutalika, m'munsi mbali imene ikulowera. Umu ndi mmene mawotchi akale ankasanjikidwira, ngati chilembo T, ndipo sanasinthe kuti diso lisasochere. Pamwamba pamalembedwa zimene makina odziyendetsera akuchita. Yachiwiri ndi mapu oyenda, oonetsa njira, masiteshoni, mitambo ya mvula yamkuntho ndi ndege zina. Pakati pa oyendetsa awiriwo pali sikirini za injini ndi machenjezo, zimene Boeing amati EICAS ndipo Airbus amati ECAM. Chofiira chimafuna kuchitapo kanthu nthawi yomweyo, chachikasu chimafuna tcheru.

Sikirini siyeza kanthu. Imajambula zimene yapatsidwa. Ya kaputeni imadyetsedwa ndi zoyeza zake, ya womuthandiza ndi zina, ndipo pa ndege zambiri pali gulu lachitatu. Zikasemphana makompyuta amachenjeza, kapena amatsata ziwiri zogwirizana n'kutaya chimodzi. Njirayi imagwa pamene ziwiri zalakwa mofanana. Pa 27 Novembala 2008, ndege ya A320 imene inkayesedwa pafupi ndi Perpignan ku France inali ndi timapiko tiwiri toyezera kupendekeka touma ndi madzi oundana. Tinagwirizana pa bodza, kachitatu kolondola kanakanidwa, ndipo anthu 7 anafa.

Pambali pa masikirini pamakhala kachipangizo kapadera koonetsa liwiro, kutalika ndi kakhalidwe ka ndege, kokhala ndi zoyeza zake ndipo kotha kuyendera batire magetsi ena onse atazima. Ndipo pamwamba pa galasi lakutsogolo la ndege zambiri, kuphatikizapo A320 ndi 737, pamakhalabe kampasi wamba ya maginito yoyandama m'timadzi, pamodzi ndi kakhadi kosonyeza madigiri oyenera kuwonjezera kapena kuchotsera chifukwa cha zitsulo ndi mawaya a m'ndegemo.